Bedi, Khonde ndi Bwalo: Mbiri ya Kukhalira Pamodzi ku Tembisa



Masiku ano akatswiri ojambula mapulani a nyumba akulimbikitsa ganizo lakuti nyumba zosanjikizana zizikhala ndi malo ogawana: bwalo pakati, khitchini yaikulu, pochapira zovala, posewerera ana, kuti okhalamo azidziwana m'malo mongopatsana moni wa pamasitepe. Ganizoli ndi lokoma kulimva, ndipo mizinda yathu ikamka nidzaza lidzatifika tonse. Koma alipo malo ena kumene mawu akuti "khitchini ya onse" sadzetsa chimwemwe, chifukwa anthu ake anakhalapo kale m'nyumba zimene chilichonse chinali cha onse, ndipo kuwawa kwake akukudziwa. Amodzi mwa malo otere ndi Tembisa, ku South Africa, kumene abale athu ambiri akukhala lero. Mbiri yake ikutifunsa funso limene wojambula pulani aliyense ayenera kuliyankha asanagwire pensulo. Funsolo ndi lakuti, kodi n'chiyani chimachititsa kuti malo ogawana asanduke mudzi pena, koma pena n'kusanduka ndende?

Dzina lolonjeza

Tembisa ili kumpoto kwa Kempton Park, kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, m'dera la khonsolo ya Ekurhuleni. Kalembera wa 2011 anapezako anthu 463,109. Dzinali likuchokera ku mneni wa Chizulu, thembisa, kutanthauza kulonjeza. Tsinde lake ndi themba, kukhulupirira kapena kuyembekezera, ndipo kachidutswa ka -is- kakugwira ntchito imene -its- ndi -ets- amagwira kwathu: kulonjeza ndiko kumyembekezetsa munthu. Amene analemba dzinali m'mabuku a boma anataya h, ndipo h ameneyo anabwezeretsedwa mwalamulo mu 2020. Kwa Mzungu wa nthawi imeneyo kampweya kameneko sikanali kanthu, koma ife amene timasiyanitsa kola ndi khola, pala ndi phala, tikudziwa kuti kamasintha mawu onse. Pano ndilemba Tembisa monga ambiri akulemberabe.

Malowa anakhazikitsidwa mu 1957, ulamuliro wa tsankho uli pachimake. Chipani cha National Party chinali chitatenga boma mu 1948, ndipo lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa mizinda potsata khungu. Anthu akuda amene ankakhala kufupi ndi matauni a Azungu, monga ku Dindela pafupi ndi Edenvale ndi ku Tikkieline pafupi ndi Kempton Park, anasamutsidwa mokakamiza n'kukatulidwa kumalo atsopanowa. Ena anachokera ku Alexandra, kumene kuyambira 1912 munthu wakuda ankatha kugula malo n'kukhala ake. Ku Tembisa aliyense anasanduka wa lendi wa boma. Lonjezo linalipo m'dzina, koma chikalata cha umwini panalibe.

Nyumba imene banja linkapatsidwa m'malokeshoni a nthawi imeneyo inali ya zipinda zinayi, imene anthu anaitcha bokosi la machesi. M'mapepala inkatchedwa NE 51/6: zilembozo zikuimira mawu akuti si Mzungu, 51 ndi chaka cha 1951, ndipo 6 ndi nambala ya pulani. Mapulaniwa anachokera ku National Building Research Institute, kumene katswiri wina, Douglas Calderwood, anagwira ntchito yaikulu. Cholinga chinali kumanga nyumba zambiri pa mtengo wotsika, zofanana zonse, m'mizere yowongoka imene galimoto ya apolisi inkadutsamo mosavuta. Boma linagawanso anthu potsata chinenero, olankhula zinenero za Chinguni kwaokha, a Chisotho kwaokha. Mayina a zigawo za Tembisa akuonetsabe zimenezi. Esangweni, kutanthauza pachipata, Endulwini ndi Emfihlweni ali ndi e- koyambirira ndi -ni kothera, monga Ekwendeni ndi Embangweni kwa Angoni a kumpoto kwa Malawi. Mashemong, Moriting ndi Kopanong ali ndi -ng wa Chisotho, ndipo akutanthauza kuminda, pamthunzi ndi pokumanirana. Ngakhale dzina lakuti pokumanirana linaperekedwa m'tauni imene inajambulidwa kuti anthu asakumane.

Kumene komboni inachokera

Pambali pa nyumba za mabanja panali nyumba za mtundu wina, mahositelo. Kuti timvetse mahositelo tiyenera kubwerera ku Kimberley cha m'ma 1885, kumene eni migodi ya dayamondi anayamba kutsekera antchito akuda mumpanda kwa nthawi yonse ya kontirakiti, ati poopa kuti angabe miyala. Njira imeneyi inafalikira ku migodi ya golide ya ku Witwatersrand. Mawu a Chingerezi akuti compound ndiwo anabala mawu athu akuti komboni, amene lero ku Lusaka amatanthauza Chawama, Kanyama kapena Kalingalinga, ndipo m'maesiteti a tiyi ndi fodya ku Malawi amatanthauza mizere ya nyumba za antchito. Liwuli linayenda ulendo umene agogo athu anayenda, ndipo linabwera nawo pobwerera.

Agogo athuwo anakomana ndi komboni kudzera mwa Wenela, bungwe lolemba antchito a m'migodi. Chiyambi chake chinali chomvetsa chisoni. Amuna ochokera kumaiko otentha ankafa kwambiri ndi chibayo m'zipinda zothithikana ndi zozizira, mpaka mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumeneko. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa ku Joni. Unayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA n'kutha mu 1988. M'zaka zonsezi mwamuna wa ku Dedza kapena ku Ntcheu ankagona pa bedi la simenti, pamwamba kapena pansi pa mnzake, m'chipinda cha anthu ambiri, akudya chakudya chophikidwa m'khitchini imodzi ya kampani.

Mahositelo a ku Tembisa, monga Sethokga ndi Vusimuzi, sanali a migodi. Anali a boma, omangidwira amuna ogwira ntchito m'mafakitale a ku Isando, Spartan, Chloorkop ndi Olifantsfontein. Koma maganizo ake anali omwewo. Kuyambira pa lipoti la Stallard la 1922, mfundo ya boma inali yakuti munthu wakuda ali m'tauni kudzatumikira Mzungu, ndipo akaleka kutumikira azibwerera kumudzi. Lamulo la 1952 linati wopanda chilolezo asapitirire maola 72 m'tauni. Mwamuna wa kontirakiti sankaloledwa kubwera ndi mkazi kapena ana. Ankapatsidwa bedi, kabati ya chitsulo, ndi gawo lake pa mbaula ya malasha imene onse ankaphikirapo. Mabafa anali a onse, zimbudzi za onse, bwalo la pakati la onse, ndipo chipata chinali cha woyang'anira. Kunena zoona, pa nkhani ya malo ogawana palibe nyumba imene inaposa hositelo.

Dzina lakuti Vusimuzi n'loyenera kuliyang'anitsitsa. Vusa ndi kudzutsa, umuzi ndi liwu lomwelo la mudzi. Nyumba imene inamangidwa kuti mwamuna akhale kutali ndi mkazi wake kwa miyezi khumi ndi umodzi pa chaka inatchedwa "dzutsa mudzi". Dr. Mamphela Ramphele, amene anafufuza moyo wa m'mahositelo a ku Cape Town, anatcha buku lake la 1993 A Bed Called Home, posonyeza kuti m'malo amenewa khomo la munthu linali bedi. Malamulo atayamba kufooka, mkazi ndi ana amene anatsatira bambo ankakhala pa bedi lomwelo, ndipo ufulu wawo wonse wokhala m'tauni unkadalira mwini bedi. Nsalu yopachika pa chingwe ndiyo inali khoma.

Wina anganene kuti nafenso tinali ndi nyumba yogona amuna okhaokha, mphala kapena gowelo. N'zoona, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Mphala inali pakati pa mudzi, kufupi ndi amayi, atsibweni ndi agogo. Mnyamata ankalowamo atasinkhuka ndipo ankatulukamo akakwatira. Inali siteji ya moyo, yokhala ndi polowera ndi potulukira. Hositelo inatenga mphala, n'kuichotsa m'mudzi, n'kuizinga ndi mpanda, n'kusungamo bambo wa zaka makumi asanu, wa ana ndi zidzukulu, ngati kuti akadali mnyamata.

Sitinganene kuti m'mahositelo munalibe umodzi. Unalimo, ndipo unali wolimba. Amuna ochokera dera limodzi ankagona chipinda chimodzi, ankasankha akulu oweruza milandu yawo, ankasonkha ndalama mnzawo akamwalira kuti mtembo upite kumudzi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankapikisana pa nyimbo ndi magule. Abale athu a m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe anachita chimodzimodzi ndi gule wamkulu ndi beni, ndipo ena anakhalapo m'mafulati a Matapi ku Mbare, amene nawonso anamangidwira amuna opanda mabanja. Koma umodzi umenewu anaupanga anthu pofuna kupirira nyumbayo. Komanso unali umodzi woyang'ana mkati, wa anthu a kwathu okhaokha, pamene kunja kwa mpanda kunali alendo.

Chaka cha 1972

Pali zinthu zitatu zimene zinachitika mu 1972 m'maiko atatu, ndipo tikaziika pamodzi zimaunikira nkhani yathu. Choyamba chinachitika ku Alexandra. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 boma linaganiza zogwetsa nyumba zonse za mabanja kumeneko ndi kumangapo mahositelo 25, iliyonse ya anthu pafupifupi 2,500. Mabanja ankatumizidwa ku Meadowlands, ku Diepkloof ndi ku Tembisa. Oyamba mwa mahositelo akuluakuluwo, kuphatikizapo imene imadziwika kuti Madala, anatsegulidwa cha mu 1972. Pulani yonseyo inalekeka mu 1979 anthu atalimbana nayo motsogozedwa ndi Mbusa Sam Buti, koma zimene zinamangidwa zilipobe. Motero kukula kwa Tembisa ndi kumangidwa kwa Madala ndi mbali ziwiri za ganizo limodzi, lolekanitsa wantchito ndi banja.

Chachiwiri chinachitika ku St. Louis, ku America, kumene mu 1972 anayamba kugwetsa ndi mabomba nyumba za Pruitt-Igoe. Zinali nyumba 33, iliyonse yosanjikiza ka 11, zomangidwa m'ma 1950 motsata pulani ya Minoru Yamasaki. Iye anali ndi cholinga chabwino. Zikepe zake zinkaima pa nsanjika zina zokha, kuti anthu azitsikira m'makonde aakulu ogawana, mmene munalinso zipinda zochapira, ndipo azikumana m'menemo. Koma ndalama zosamalira nyumbazo zinkayenera kuchokera ku lendi ya anthu osauka, ndipo pamene okhalamo anachepa, ndalama zinachepanso. Mababu akapsa sankasinthidwa, zikepe zikafa sizinkakonzedwa, ndipo makonde aja anasanduka malo amene mayi ankaopa kudutsamo ndi mwana.

Chachitatu chinachitika ku Denmark, kumene mu 1972 mabanja 27 analowa m'malo otchedwa Sættedammen, amene ambiri amawatenga ngati chiyambi cha kakhalidwe kamakono kogawana malo. Banja lililonse linali ndi nyumba yake yathunthu, yokhala ndi khitchini ndi chitseko chake. Pakati panali nyumba ya onse yodyeramo ndi kusonkhanamo, yoyendetsedwa ndi eni akewo. Munthu ankapitako akafuna, ndipo akatopa ankabwerera kwake n'kutseka chitseko. Kale pang'ono, mu 1930, mzinda wa Vienna unatsegula Karl-Marx-Hof, nyumba yotalika kupitirira kilomita imodzi, ya mafulati 1,382, yokhala ndi mabwalo aakulu a mitengo, malo ochapira, mabafa, sukulu za mkaka ndi laibulale. Inali ya anthu wamba ogwira ntchito, inamangidwa ndi ndalama za msonkho, ndipo khonsolo ikuisamalabe mpaka lero.

Malo onsewa anali ndi zinthu zogawana. Kusiyana kunali pa zinthu zitatu. Ku Madala munthu analibe chitseko chake. Ku Pruitt-Igoe chitseko chinalipo, koma kuseri kwake kunali malo opanda mwini ndi opanda wowasamalira. Ku Sættedammen ndi ku Vienna kunali chitseko, kunali wosamalira, ndipo akazi, ana ndi okalamba anali m'pulani kuyambira pachiyambi.

Mpanda utabala chidani

Malamulo a mapasi anathetsedwa mu 1986, koma mpanda umene unalekanitsa hositelo ndi lokeshoni unali utalowa kale m'mitima. Anthu a m'nyumba za mabanja ankawaona a m'hositelo ngati achimidzimidzi osadziwa za m'tauni. A m'hositelo ankaona kuti akunyozedwa, ndipo pamene zipani zomenyera ufulu zinayamba kunena kuti mahositelo athetsedwe, iwo anamva kuti bedi lawo, chinthu chokhacho chimene anali nacho m'tauni, likulandidwa. Pakati pa 1990 ndi 1994 dera la East Rand linasanduka bwalo la nkhondo pakati pa otsatira Inkatha, amene mahositelo ambiri anali malinga awo, ndi otsatira ANC m'malokeshoni. Ku Thokoza, Katlehong ndi Vosloorus ndiko kunafa anthu ochuluka, koma Tembisa sinapulumuke. Gulu la zigawenga lotchedwa Toaster linapeza pobisala ku Vusimuzi, ndipo kumapeto kwa Julayi 1993 anthu pafupifupi 30 anaphedwa pa chiwembu chimodzi chochokera kumeneko.

Zifukwa za nkhondoyo zinali zambiri, kuphatikizapo ndale ndi dzanja la magulu achitetezo a boma la tsankho, monga bungwe la Truth and Reconciliation Commission linasonyezera pambuyo pake. Sitinganene kuti njerwa ndizo zinapha anthu. Koma kamangidwe kanathandiza. Nyumba ya amuna mazanamazana, yokhala ndi chipata chimodzi ndi bwalo losaoneka kuchokera kunja, ndi yosavuta kusonkhanitsiramo gulu usiku. Ndipo popeza ana a mbali ziwirizi sankasewera pamodzi, ndiponso amayi awo sankatunga madzi pa mpopi umodzi, panalibe nkhope yodziwika imene ikanabweza mkono wa munthu.

Lonjezo lachiwiri

Boma la 1994 linabwera ndi ndondomeko ya RDP, ndipo gawo 26 la malamulo aakulu a dziko a 1996 linapatsa aliyense ufulu wopeza nyumba yoyenera. Yankho la boma pa mbiri ya bedi linali nyumba yoima payokha, pa puloti yake, yokhala ndi chikalata cha umwini. Nyumba zoterezi zinamangidwa mamiliyoni, ndipo ndi ntchito imene sitiyenera kuichepetsa. Koma zinkafuna malo aakulu, choncho zinkamangidwa kutali ndi ntchito, m'mizere yokumbutsa mabokosi a machesi aja. Mu 2004 boma linatulutsa ndondomeko ya Breaking New Ground, yolimbikitsa kumanga mothithikana ndi mosakaniza anthu opeza mosiyana. Mu 2006 kunabwera ndondomeko ya Community Residential Units, yosandutsa mahositelo kukhala mafulati a lendi a mabanja opeza pakati pa R800 ndi R3,500 pa mwezi, ndipo Sethokga inali imodzi mwa mahositelo amene inawakhudza. Lamulo la Social Housing Act linatsatira mu 2008.

Pa pepala zonsezi zinali zolongosoka, koma pochita panabuka mavuto amene mbiri ikanatha kulosera. Ku Dube ndi ku Diepkloof, ku Soweto, mafulati atsopano anakhala zaka opanda anthu mpaka kuphwasulidwa ndi akuba. Okhala m'mahositelo ambiri sankagwira ntchito ndipo sakanatha lendi yatsopano. Ena anali ndi mabanja kumudzi ku KwaZulu-Natal kapena ku Limpopo, ndipo chimene ankafuna m'tauni chinali pogona potsika mtengo. Enanso ankaopa kuti akatuluka m'chipinda chakale, fulati ipatsidwa wina. Nyumba zinajambulidwa bwino, koma funso lakuti adzakhalamo ndani, adzalipira zingati, ndipo adzalamulira ndani, linasiyidwa kuti liyankhidwe nyumba zitatha.

Mlandu wina wa ku Tembisa komweko ukuonetsa mbali inanso. Anthu 133 a m'zisakasa za ku Winnie Mandela anavomerezedwa kulandira nyumba za boma, koma nyumba zomangidwa m'maina awo zinalowedwa ndi anthu ena. Popeza m'kaundula ankaoneka ngati analandira kale, sakanathanso kupempha zina. Mothandizidwa ndi bungwe la maloya la SERI anapita kukhoti, ndipo mu Disembala 2017 khoti lalikulu linalamula khonsolo ya Ekurhuleni kuti iwapatse nyumba. Nthawi itakwana, khonsolo inapempha kuti iwonjezeredwe masiku ndiponso iloledwe kupereka mafulati m'nyumba zosanjikizana m'malo mwa nyumba zoima pazokha. Khoti silinavomere pempholo. Anthuwo anapemphanso chipukuta misozi chifukwa cha kuchedwako, koma mu Disembala 2021 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana.

N'chifukwa chiyani munthu wogona m'chisakasa angakonde nyumba yaing'ono ya pansi kuposa fulati yatsopano? Yankho lili pa bwalo. Ku Tembisa puloti ndi munda wa m'tauni. Kuseri kwa nyumba mwini amamangako zipinda za lendi, ndipo ndalama zake ndizo zimadyetsa banja. Kutsogolo amatsegula kagolosale kapena saluni. Mwana akakula amamangirapo chipinda chake. Pakagwa maliro, tenti imaimikidwa pabwalopo n'kufika mumsewu, ndipo miphika ikuluikulu imaikidwa pa moto pansi. Fulati ya pa nsanjika yachinayi sichita chilichonse mwa izi. Amene akukana fulati akukana kutaya bwalo limene amalilamulira okha, posinthanitsa ndi bwalo limene malamulo ake adzalembedwa ku ofesi. Akulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa.

Kuseri kwa nyumba

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife mwachindunji. Nyumba zaulere za boma zimaperekedwa kwa nzika ndi amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Mmalawi, Mzambia kapena munthu wa ku Tete amene wabwera kudzagwira ntchito ya m'munda wa maluwa, ya ulonda, ya utelala kapena ya m'nyumba, nthawi zambiri amapeza chipinda kuseri kwa nyumba ya wina, ku Tembisa kapena ku Ivory Park koyandikana nako. Pabwalo limodzi pamatha kukhala zitseko zisanu kapena khumi, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Palibe katswiri amene anajambula pulani yake, komabe awa ndiwo malo ogawana enieni a Tembisa ya lero.

Pabwalo lotere pamakhala mikangano ya magetsi, ya madzi ndi ya amene sanatsuke chimbudzi, ndipo landilodi woipa mtima amatha kusautsa mlendo amene akuopa kupita kupolisi. Koma pomwepo ndi pamene Mchewa amaphunzirira Chizulu ndi Chipedi, pamene mayi wa ku Giyani amasungira mwana wa mnzake wa ku Mangochi, pamene chipereganyu chimayambira, ndi pamene uthenga wa maliro umafikira kuti abale asonkhe ndalama zotumizira thupi kumudzi. Mu Meyi 2008, pamene ziwawa zodana ndi obwera zinayamba ku Alexandra n'kufalikira ku Tembisa ndi madera ena, anthu 62 anaphedwa m'dziko lonselo. Kukhala pabwalo limodzi sikunateteze aliyense, pakuti ena anathamangitsidwa ndi anthu owadziwa. Koma kumene mlendo anabisidwa kapena katundu wake kusungidwa, wochita zimenezo anali munthu amene ankamudziwa dzina. Bwalo la kuseri, ngakhale n'lothina, lili ndi zimene hositelo inalibe: aliyense ali ndi chitseko chake, pali akazi ndi ana, ndipo mwini wake akudziwika.

Zimene chinenero chathu chikudziwa kale

Chichewa chili ndi mawu osanja malo mwa masitepe. Pali kuchipinda, kumene mlendo salowa. Pali pakhonde, pamene ndi pako koma wodutsa amakuona ndi kukulonjera, ndipo ukafuna umamuitana kuti akhale. Pali pabwalo, ndipo liwu limeneli n'lolemera: ndi panja pa nyumba, ndi poweruzira milandu, ndi povinira gule, ndi posewerera mpira. Liwu limodzi likugwira kusewera ndi kuweruza chifukwa malo a onse sakhala opanda lamulo. Bwalo lili ndi mwini, mfumu ndi nduna zake, ndipo aliyense akudziwa amene amasesa ndi amene amalankhula. Munthu amachoka kuchipinda, n'kufika pakhonde, n'kutsikira pabwalo mwa kufuna kwake, ndipo amabwerera momwemo. Hositelo inachotsa chipinda ndi khonde n'kusiya bwalo lokha. Mafulati ambiri amakono amachotsa khonde ndi bwalo n'kusiya chipinda chokha, cholumikizidwa ku msewu ndi kanjira kamdima.

Tikatsata mbiri ya Tembisa, wojambula nyumba zosanjikizana za anthu athu ayambe ndi chitseko: banja lililonse likhale ndi pophikira ndi posambira pake, kuti kugawana kukhale kosankha. Kenaka aganize za khonde, njira yotambalala yoyang'ana pabwalo, yoti mpando ndi mbaula zikwanepo, kuti mayi ali pamwamba aziona mwana akusewera pansi. Bwalo likhale la mabanja owerengeka amene angadziwane maina, m'malo mwa chidikha cha anthu zikwi. Pansi pakhale malo a malonda ang'onoang'ono, chifukwa munthu amene waletsedwa kugulitsa tomato pakhomo pake sadzatha lendi. Pakhale poimika tenti ya maliro ndi posonkha moto wa miphika ikuluikulu, pakuti kwathu nyumba imayesedwa tsiku la zovuta. Mpanda usatseke nyumbayo kwa anansi a kunja. Ndipo njerwa yoyamba isanaikidwe, zidziwike kuti babu la pamasitepe likapsa agule ndani, ndi ndalama zochokera kuti, ndiponso kuti wa lendi, ngakhale wobwera, ali ndi mawu pa msonkhano wa okhalamo.

Lilongwe, Blantyre, Lusaka, Chipata ndi Tete ikukula mofulumira, ndipo malo omangapo nyumba za pansi akuchepa chaka ndi chaka. Mafulati a ku Kabwata ndi a Malawi Housing Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1964, ndi ochepa poyerekeza ndi amene adzamangidwe m'zaka zikubwerazi. Amene adzajambule mapulani ake adzawerenga za Vienna ndi Denmark, ndipo n'koyenera kutero. Koma kufupi nafe kuli aphunzitsi ena: madala amene anagonapo pa bedi la simenti ku Joni ndipo akali moyo m'midzi yathu, ndi achinyamata amene usiku uno akudikira mzere wa pa mpopi kuseri kwa nyumba ina ku Tembisa. Iwowa akudziwa bwino chimene munthu angagawane ndi mnzake mokondwa, ndi chimene sayenera kukakamizidwa kugawana. Afunsidwe mapulani asanasainidwe.